Momwe Mungajambulire Chombo cha Matanga Chili pa Ntchito Yake ya Malonda

Zaka zingapo zapitazo mwini nyumba ina yogona alendo kuno ku Dedza anandipatsa ntchito yojambula chombo chachikulu cha matanga pakhoma la chipinda chodyera, ndipo ndinaigwira ndi mtima wonse kwa milungu iwiri. Tsiku limene ndinkachotsa makwerero, bambo wina wachikulire wa ku Mtakataka, amene anabwera kudzagulitsa usipa wouma kukhitchini, anaima pakhomo n'kuyang'anitsitsa khomalo kwa nthawi yaitali osanena kanthu. Kenaka anandifunsa mwaulemu kuti, “Achimwene, kodi kumapiri kuno mphepo imaomba kuchokera mbali ziwiri nthawi imodzi?” Matanga onse ndinali nditawatukumula molozera kutsogolo, kusonyeza kuti mphepo ikukankha chombo kuchokera kumbuyo, koma mbendera ya pansonga pa mlongoti ndinaiulutsira kumbuyo monga imachitira mbendera ya pagalimoto ya nduna. Ndinabwezeretsa makwerero pakhoma.

Mizere ndi utoto zinali bwino, koma chombocho ndinachijambula ngati duwa la patebulo, osadzifunsa kuti pa ola limenelo chinali pa ntchito yanji. Chombo cha malonda chinali lole ya m'nthawi yake. Eni ake ankachiwerengera masiku a ulendo, msonkho wa padoko ndi malipiro a amalinyero, ndipo chilichonse chooneka pa icho, kuyambira kuzama kwake m'madzi mpaka chigamba cha pathanga, chinkachokera ku ntchito imeneyo. Malangizo awa ndawalembera ojambula anzanga a kumtunda kuno, amene nyanja timaionera patali tikamatsika msewu wa Khwekhwerere kupita ku Golomoti, ndipo ambiri a ife nyanja yamchere sitinaionepo n'komwe, komabe timapemphedwa zithunzi zotere ndi eni malo odyera, masukulu ndi alendo.

Musanagwire pensulo, sankhani chombo chimodzi chenicheni ndi chaka chimodzi cha moyo wake, chifukwa ntchito ikasintha chombo chimasinthanso maonekedwe. Chitsanzo chosavuta kuchipeza pa intaneti ndi Cutty Sark, chimene chinamangidwa ku Dumbarton m'dziko la Scotland m'chaka cha 1869 kuti chizikatenga tiyi ku China, ndipo lero chili pamtunda ku Greenwich mumzinda wa London, kumene anthu amakachiona. Chaka chomwecho ngalande ya Suez inatsegulidwa, sitima za nthunzi zinayamba kudulira pamenepo, ndipo pasanathe zaka 10 malonda a tiyi anali atachoka m'manja mwa zombo za matanga. Kuyambira 1883 Cutty Sark chinkanyamula ubweya wa nkhosa wa ku Australia, mabelo oposa 4,000 pa ulendo umodzi, ndipo pamene ankachiyendetsa kaputeni Richard Woodget chinayenda ulendo wobwerera ku England kwa masiku 73 okha. M'chaka cha 1895 chinagulitsidwa kwa Apwitikizi, amene anachitcha Ferreira n'kumachituma ku Brazil, Angola ndi Mozambique ndi katundu aliyense amene wapezeka. Mu 1916 chinathyoka milongoti pa nyengo yoipa kufupi ndi Cape of Good Hope, ndipo pochikonza ku Cape Town anachisiyira matanga opingasa pa mlongoti wakutsogolo wokha. Choncho amene angajambule chombochi chili padoko la ku Mozambique m'chaka cha 1920, atachiveka matanga onse a m'masiku a tiyi ndi mbendera ya Britain, wajambula chinthu chimene sichinaonekepo ndi kale lomwe.

Kusiyana kwa matanga kumeneku muyenera kukudziwa ngakhale pang'ono. Pali matanga a ngodya zinayi amene amapachikidwa pa mitengo yopingasa mlongoti, imene m'nkhani ino ndiziitchula kuti mitanda, ndipo pali matanga ena otsata utali wa chombo, ochokera kutsogolo kupita kumbuyo. Chombo cha milongoti itatu, yonse yokhala ndi mitanda, ankachitcha full-rigged ship. Chikakhala kuti mlongoti wakumbuyo ulibe mitanda ndi barque. Chikakhala ndi mitanda pa mlongoti wakutsogolo wokha ndi barquentine. Mlongoti wopanda mitanda umafuna manja ochepa, ndipo manja akachepa malipiro amachepanso, n'chifukwa chake zombo zambiri zikamakalamba, phindu likamatsika, eni ake ankazichotsa mitanda yakumbuyo n'kuzisandutsa barque.

Mukasankha chombo, sankhaninso ola la ntchito. Ojambula ambiri a m'madoko m'zaka za m'ma 1800 ankagulitsa zithunzi kwa makaputeni ndi eni zombo, ndipo wogula ankafuna kuona chombo chake cham'mbali, matanga onse ali m'mwamba, mbendera zonse zikuuluka, dzina likuwerengeka. Antonio Jacobsen, mbadwa ya ku Denmark amene ankagwira ntchito kufupi ndi doko la New York, anajambula zithunzi zotere zoposa 6,000. Zithunzi zimenezi n'zothandiza kwambiri poonera kamangidwe ka chombo, popeza kaputeni sakanalipira chithunzi chokhala ndi chingwe pamalo olakwika, koma zimaonetsa chombo chitavala zapaukwati, pamene ife tikufuna kuchiona ndi zovala zakumunda. Kuti muone mbali inayo, funani chithunzi cha J. M. W. Turner cha 1835 chotchedwa Keelmen Heaving in Coals by Moonlight, chimene chili ku National Gallery of Art ku Washington. M'menemo anthu akupakira malasha m'zombo usiku pamtsinje wa Tyne ku England, akuunikira ndi miuni, mwezi ukuwala pamadzi pakati pa chithunzi, ndipo zombozo zangoti ndandanda kudikira katundu.

Maola a ntchito osankhamo ndi ambiri. Chombo chikhoza kukhala chitaponya nangula mumtsinje wa Min kunsi kwa mzinda wa Foochow ku China, mabwato a mabokosi a tiyi atachizungulira. Chikhoza kukhala chikukokedwa ndi kasitima ka nthunzi potuluka m'doko, matanga onse atakulungidwa. Chikhoza kukhala pakati pa nyanja mphepo italeka, matanga ali lende, amalinyero akusoka zigamba ndi kupala dzimbiri. Kapena chikulimbana ndi mafunde a ku Cape Horn, kunsonga ya kum'mwera kwa South America, chitasenza tirigu kapena barele wa ku Australia, monga zinachitira zombo za Pamir ndi Passat komaliza mu 1949. Lembani kuseri kwa thabwa lanu chiganizo chimodzi chonena dzina la chombo, chaka, malo, katundu ndi kumene mphepo ikuchokera. Funso lililonse likabuka pambuyo pake, muzibwerera ku chiganizo chimenecho.

Za pojambulapo sindichulutsa mawu. Thabwa la hardboard lopakidwa PVA woyera kawiri kapena katatu, n'kulikwecha pang'ono ndi sandipepa, limagwira bwino ntchito ndipo silidula ngati chinsalu cha ojambula chokagula ku Lilongwe. Lipakeni mbali zonse ziwiri kuti lisapindike. Ngati mumagwiritsa ntchito penti wa mafuta, kumbukirani kuti m'miyezi ya Juni ndi Julaye, nkhungu ikakuta phiri la Dedza, pentiyo amachedwa kuuma, ndipo chithunzi cha chombo chimafuna kuti gawo lina liume kotheratu musanayambe lina. M'miyezi imeneyo acrylic, penti wosungunula ndi madzi wouma msanga, angakupulumutseni masiku ambiri.

Mzere woyamba pathabwa ukhale wa malekezero a madzi, pamene nyanja imaoneka ngati yakumana ndi thambo, ndipo muulembe ndi rula, wowongoka ndithu. Mzere umenewu nthawi zonse umakhala pa msinkhu wa maso a woonera, motero ndiwo umanena pamene inuyo mwaima. Ife a kumapiri tili ndi chizolowezi chouika pamwamba kwambiri, chifukwa nyanja tinazolowera kuionera pachitunda, koma mukatero ndiye kuti chombo mukuchiyang'ana kuchokera kumwamba, ndipo mudzayenera kuonetsa zonse za pamwamba pake: zivundikiro za mosungira katundu, kanyumba kophikira, mabwato opulumukira ndi anthu. Mukafuna kuti chioneke chachikulu monga chimaonekera kwa munthu wa m'bwato, tsitsani mzerewo kuti udutse kuseri kwa thupi la chombo, milongoti yonse ikhale pathambo. Munthu amene maso ake ali mamita 2 pamwamba pa madzi amaona malekezerowo pa mtunda wa makilomita 5 okha, ndipo chombo chimene chapitirira pamenepo chimayamba kubisika kuyambira pansi mpaka kutsala matanga okha. Mukaika chombo chachiwiri chapatali m'chithunzi chanu, chijambuleni motero.

Kenaka yezani. Cutty Sark ndi chotalika pafupifupi mamita 65, mulifupi mwake ndi mamita 11 okha, ndipo mlongoti wapakati umakwera pafupifupi mamita 46 kuchokera poyenda anthu. Mukachijambula cham'mbali chotalika masentimita 65, mlongotiwo ukhale masentimita 46, ndipo munthu woimirira asafike masentimita 2. Ophunzira anga ambiri amakana kukhulupirira zimenezi. Amakulitsa anthu kuti nkhope zioneke, ndipo chombo chonse chimasanduka bwato la asodzi. Yambani ndi bokosi lalitali lopyapyala, dzalani milongoti pamzere wapakati pa bokosilo, kenaka lisemeni ndi pensulo monga mmisiri amasemera bwato m'chipika. Mzere wa m'mphepete mwa thupi si wowongoka, koma umakwera kutsogolo, umatsika pang'ono chapakati, n'kukweranso pang'ono kumbuyo. Milongoti nayo kawirikawiri imapendekera kumbuyo pang'ono, wakumbuyo kuposa wakutsogolo.

Tsopano pakubwera funso la katundu. Aliyense amene anaimapo pamsika wa Lizulu kapena pa Bembeke amasiyanitsa lole yodzaza matumba a mbatata ya kachewere ndi lole yopanda kanthu ngakhale zili patali, chifukwa yodzaza imakhalira matayala pamene inayo imayenda itatukula msana. Chombo n'chimodzimodzi. Zombo zamatabwa zopita kumadera otentha ankazikuta kunsi ndi mkuwa, kapena mkuwa wosakaniza wachikasu wotchedwa Muntz metal, kuti ndere ndi tizilombo toboola matabwa zisagwire. Chombo chikadzaza, mkuwawo umangosuzumira pamene funde latsika. Chikatsitsa katundu, lamba wamkulu wa mkuwa wothimbirira amatuluka pamwamba pa madzi, ndipo chombo chonse chimaoneka chachitali miyendo. Komabe chombo cha matanga sichingayende m'mimba mulibiretu kanthu, chifukwa chingagubuduzike, motero ankathiramo miyala kapena mchenga. Ngakhale tiyi, popeza ndi wopepuka, ankamuyalira miyala pansi. Pambali pa zombo zambiri, chapakati, mudzaona kabwalo kodulidwa ndi mzere, kosonyeza polekezera katundu. Chizindikirochi chinabwera ndi lamulo la Britain la 1876, phungu Samuel Plimsoll atalimbana kwa zaka zambiri ndi eni zombo amene ankamiza amalinyero podzaza katundu mopitirira muyezo. Choncho mukamajambula Ariel kapena Taeping pa mpikisano wa tiyi wa 1866, pamene zombo ziwirizi zinafika ku London tsiku limodzi zitayenda masiku 99 kuchokera ku Foochow, kabwaloko musakaike.

Pa mphepo ndikhalitsepo, popeza ndi pamene ndinagwera. Lembani muvi m'mphepete mwa thabwa wosonyeza kumene mphepo ikupita, ndipo chilichonse chofewa m'chithunzi chimvere muvi umenewo: matanga, mbendera, utsi wa kukhitchini, nsonga za mafunde, thovu louluka, ngakhale malaya oyanikidwa. Galimoto imathamanga kuposa mphepo, n'chifukwa chake mbendera yake imaulukira kumbuyo, koma chombo chachikulu chokankhidwa kuchokera kumbuyo chimayenda pang'onopang'ono kuposa mphepo yochikankhayo, motero mbendera ndi utsi zimatsogola. Mphepo ikamachokera m'mbali, chombo chimapendekera kumene mphepoyo ikupita, amalinyero amatembenuza mitanda kuti ipendame, ndipo mbali yokwera mkuwa umaoneka kwambiri pamene mbali yotsika madzi amafika pafupi ndi m'mphepete. Chombo cha mitanda sichingalunjike kumene mphepo ikuchokera. Chikayesetsa kwambiri chimasiyabe ngodya ya madigiri pafupifupi 70 pakati pa mphuno yake ndi mphepo, ndipo chimapita mokhotakhota, kwina kumanja kwina kumanzere. Matanga otukumuka pa chombo chimene thovu la mphepo likuchimenya pamphuno penipeni ndi bodza limene msodzi aliyense adzaligwira.

Kuno kopanda doko, njira yabwino yophunzirira zimenezi ndi kupanga kachombo ka m'manja. Tengani phesi lalikulu louma kapena kathabwa kofewa, bayanipo timitengo titatu ta nsungwi, mangani mitanda ndi ulusi kuti izitha kutembenuka, ndipo matanga muwadule ku shati yakale yoyera. Mwana aliyense wodziwa kupanga galimoto ya mawaya angakuthandizeni masana amodzi. Kaikeni pakhonde mphepo ya mu Ogasiti ikamaomba, dzuwa likuwala, n'kumakatembenuza pang'onopang'ono. Mudzaona kuti mphepo ikachokera kumbuyo kwenikweni, matanga akumbuyo amatchinga akutsogolo, ndipo akutsogolowo amafota, chimene chinkachititsa amalinyero kukonda mphepo yochokera kumbuyo cham'mbali, imene imafika pathanga lililonse. Mudzaonanso kuti thanga lililonse limaponya mthunzi wake pa linzake, mthunzi wokhota motsata mimba ya thanga lolandiralo, ndipo mithunzi imeneyi ndiyo imalekanitsa matanga kuti asaoneke ngati nsalu imodzi yoyanikidwa pachingwe. Willem van de Velde wamkulu, wa ku Holland, amene pamodzi ndi mwana wake anasamukira ku England m'zaka za m'ma 1670 napatsidwa chipinda chojambulira ku Greenwich, ankakwera kangalawa kukajambula zombo ali pamadzi pomwepo. Amene mwa ife angakwanitse ulendo wa ku Likoma achite chimodzimodzi, chifukwa kumeneko mabwato a thanga akuwolokabe kupita kugombe la Mozambique, ndipo tsiku limodzi lowayang'ana ndi kope m'manja limaphunzitsa zambiri kuposa mwezi wathunthu wa zithunzi za pafoni.

Kuchuluka kwa matanga kugwirizane ndi ukali wa nyanja. Pali bodza limene ojambula zogulitsa amalikonda: mafunde ngati mapiri, thambo lili bii, chombo chitatambasula matanga onse mpaka kansonga. Kaputeni wotero akanathyola milongoti tsiku lomwelo. Mphepo ikamakula ankayamba kukulunga matanga apamwamba kwambiri n'kumatsika nawo, kenaka aakulu apansi, mpaka pa namondwe weniweni pankatsala matanga ochepa apakati, aafupi ndi olimba, ndi kathanga ka ngodya zitatu kutsogolo. Kukulungako kunkachitika ndi manja, anthu atandanda pamtanda, mimba itatsamira pamtengo, mapazi ataponda chingwe chimodzi cholendewera kunsi kwake, ndipo timadontho takuda tingapo tondanda pamtanda wa m'mwamba timauza woonera za moyo wa pachombo kuposa nkhope yojambulidwa mwaluso. Koma anthu musawachulutse. Cutty Sark chinkayenda ndi anthu pafupifupi 30, nthawi zina ocheperapo, ogawidwa m'magulu awiri osinthana, motero pa tsiku labata oonekera ndi ochepa. Amene sasowa ndi wa pachiwongolero, kumbuyo kwenikweni kwa chombo, pamtetete, kaya kuli dzuwa kaya mvula.

Popaka utoto yambani ndi thambo, kenaka madzi akutali, kenaka thupi la chombo ndi matanga, madzi apafupi pambuyo pake, ndipo zingwe zikhale zomalizira. Mitundu inayi ikukwanirani: ultramarine (wabuluu), burnt sienna (wofiirira), yellow ochre (wachikasu) ndi woyera. Iwiri yoyambayo mukaisakaniza mumapeza wotuwa ndi wakuda wa mitundumitundu, wamoyo kuposa wakuda wa m'chitini. Madzi alibe mtundu umodzi. Pakati pa nyanja yamchere kumadera otentha ndi abuluu kwambiri, kufupi ndi gombe la England ndi obiriwira motuwa, ndipo m'mitsinje ya madoko ndi ofiirira ngati Linthipe m'dzinja. Mbali ya funde yoyang'ana kumwamba imatenga mtundu wa thambo, pamene yoyang'ana kwa inu imaonetsa mtundu wa madzi enieniwo, woderapo kwambiri. Mafunde ayambe aakulu m'munsi mwa thabwa, azichepa ndi kuthinana pokwera ku malekezero. Amene munaphunzira madzi pa nyanja yathu chenjerani apa: mphepo ya mwera imadzutsa mafunde aafupi, osongoka, otsatizana pafupipafupi, pamene nyanja yamchere ili ndi mafunde ataliatali ngati zitunda, ena otalikirana kuposa utali wa chombo, ndipo timafunde ta thovu timakwera pamsana pa amenewo.

Chombo chikhale m'madzi, chisaoneke ngati chidole choikidwa pagalasi. Mzere wa pamene madzi akhudza thupi usakhale wa rula. Pena funde likwere n'kubisa mbali ya thupi, pena litsike kuti mkuwa uoneke. Kutsogolo mphuno ing'ambe madzi n'kupinda thovu mbali zonse ziwiri, thovulo litsetsereke m'mbali likucheperachepera, ndipo kumbuyo kutsale njira yosalala yotuwa. Kukula kwa thovu ndiko kumanena liwiro, motero chombo cha matanga ofota chisakhale ndi thovu lambiri pamphuno. Pakani kaye mthunzi wa chombo pamadzi, thovu libwere pamwamba pake, ndipo utoto woyera wosasakaniza muusungire malo awiri kapena atatu okha pamene dzuwa lamenya.

Matanga si oyera ngati bulauzi ya amayi a Chigwirizano. Zombo za ku Britain zinkagwiritsa ntchito nsalu ya fulakesi, yotuwa mofiirira, pamene za ku America zinkakonda ya thonje, yoyererapo. Thanga limasokedwa polumikiza nsalu za masentimita pafupifupi 60 mulifupi, misoko yake yotsika kuchokera pamtanda, ndipo misoko imeneyi mukaikhotetsa motsata mimba ya thanga imathandiza diso kuona kutukumuka. Panalinso mwambo wosunga ndalama umene wojambula ayenera kuudziwa. Kumadera otentha a mphepo yofatsa ankapachika matanga akale a zigamba, ndipo atsopano olimba ankawasungira kumadera a namondwe, kumene thanga lowola likanaphetsa anthu. Motero chithunzi cha tsiku la dzuwa ndicho choyenera zigamba zambiri, za mitundu yosiyana pang'ono ndi nsalu yozungulira, pamene chithunzi cha ku Cape Horn chiyenera matanga ochepa koma athunthu.

Zingwe za Cutty Sark mutazilumikiza zingafike makilomita pafupifupi 18, ndipo wofuna kuzijambula zonse adzaphimba chithunzi ndi ukonde. Zilipo za mitundu iwiri. Zogwiriziza milongoti sizisuntha, n'zonenepa, zakuda ndi phula, zokungika ngati nsambo za gitala, ndipo zam'mbali zili ndi timakwerero ta zingwe topingasa. Zokokera matanga ndi mitanda n'zopyapyala, zotuwa, ndipo zimene sizikukoka kanthu pa nthawiyo zimagwa mokhota. Zoyambazo jambulani zonse, chifukwa popanda izo milongoti imaoneka ngati igwa, koma zachiwirizo sankhanimo. Dikirani kuti thambo ndi matanga ziume gwaa, kuti mzere ukalakwika muupukute ndi kansalu osawononga zapansi. Pali burashi ya ubweya wautali wopyapyala yotchedwa rigger, imene dzina lake linachokera ku ntchito yomweyi. Ikasowa, metani burashi yakale m'mbali ndi lezala n'kusiya tsitsi lochepa pakati. Sungunulani utoto ukhale ngati inki, tsamiritsani dzanja pa ndodo yowongoka yosakhudza thabwa, ndipo kokani mzere kamodzi osabwerezanso. Mzere ukaduka pakati usiyeni choncho, popeza padzuwa chingwe chenicheni chimazimiriranso motero.

Zotsala ndi zipsera za ntchito. Pa chombo chachitsulo dzimbiri limatsika mizeremizere kuchokera pa zibowo zotulukira madzi ndi pabowo la unyolo wa nangula, ndipo chombo chimene changofika pa ulendo wa miyezi itatu chisaoneke ngati chapakidwa penti dzulo. Chikatalikira kumtunda ankakweza anangula n'kuwamangirira pamwamba kutsogolo, motero nangula wolendewera pakati pa nyanja ndi cholakwa. Mbendera nazonso sankaziulutsa chisawawa kumene kulibe woziona, kuopa kuzing'amba pachabe. Ankazikweza polowa ndi potuluka m'doko, kapena akakumana ndi chombo china. Chombo cha malonda cha Britain chinkaulutsa mbendera yofiira yokhala ndi Union Jack (mbendera ya dziko la Britain) pangodya, imene kuyambira 1864 inasiyidwira zombo za malonda, pamene yoyera ndi ya zombo za nkhondo. Usiku nyali yofiira imakhala kumanzere ndipo yobiriwira kumanja kwa munthu woyang'ana kutsogolo kwa chombo. Ngati mzere wa malekezero munauika pamwamba, musaiwale khola la nkhuku kapena la nkhumba, chifukwa ndiwo zamoyo zinkayenda nawo.

Wina angafunse chifukwa chotengera zitsanzo kutali chonsecho pamene nyanja yathu inali ndi zombo zake za malonda. Inalidi nazo, ndipo malangizo onsewa amagwiranso ntchito pa izo. A Jumbe a ku Nkhotakota, kuyambira Salim bin Abdallah m'zaka za m'ma 1840, anali ndi zombo za mtundu wa dhow, za thanga lalikulu la ngodya zitatu lopachikidwa pa mtengo wautali wopendama, zowolotsa katundu kupita kutsidya la kum'mawa, kumene kunkayambira ulendo wapansi wopita kugombe la nyanja yamchere. Katundu wake anali minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo. Ndinaonapo zithunzi za zombo zoterezi zogulitsa kwa alendo, dzuwa likulowa, madzi ali phee, m'chombo mulibe kanthu koma wopalasa mmodzi, ndipo sizinandikhalire bwino. Maganizo anga ndi akuti amene wasankha kujambula chombo cha Jumbe pa ntchito yake alembe katunduyo m'chiganizo cha kuseri kwa thabwa monga akanalembera tiyi kapena malasha, ndipo amuonetse m'chithunzi: chombo chitazama ndi kulemera kwa anthu, mitu itathinana m'munsi mwa thanga, mlonda ali ndi mfuti kumbuyo.

Mukaona ngati mwamaliza, musafulumire kusaina. Yang'anani chithunzicho pagalasi loonera nkhope, chifukwa likachitembenuza, mlongoti wopendama mosayenera ndi mzere wa malekezero wotsetsereka zimaonekera pomwepo. Tsatani muvi wa mphepo kuyambira pansonga pa mlongoti mpaka pathovu, chinthu ndi chinthu. Kenaka chionetseni kwa munthu wa kunyanja, ndipo ameneyo sasowa pamsika wa Dedza pakati pa madengu a usipa ndi utaka. Musamufunse ngati chakongola, popeza mwa ulemu adzangovomera. Mufunseni kuti mphepo ikuchokera kuti, chombo chadzaza kapena chilibe kanthu, ndiponso ngati iyeyo angalole kukwera. Akayankha zofanana ndi zimene munalemba kuseri kwa thabwa, fufutani muvi uja, sainani m'munsi pamadzi, ndipo ngati munagwiritsa ntchito penti wa mafuta dikirani miyezi 6 musanapake vanishi.